Aonetseni, koma mafoni a anthu akhale kutali

Achemwali, mwafunsa ngati mungaonetse amayi anu okalamba filimu yanu ya makauboyi ija. Aonetseni, musamvere zoti akalamba ndiye sangatsatire. Koma imvani kaye zanga, chifukwa mpaka pano mtima ukundiwawa.

Kwathu mafilimu amenewa anabwera ndi malemu bambo. Anawazolowera kumigodi ku Joni nthawi ya Wenela, m'makomponi ankaonetsa kanema. Kuno wailesi ya kanema inadzayamba mu 1999, ndiye ife tinakulira pa matepi, deki yoyendera batire la galimoto. Imene ndimaikonda mpaka lero ndi The Good, the Bad and the Ugly, ya 1966, ya Clint Eastwood. Amayi anga ankangoti "ya bambo wa ndudu uja".

Chaka chatha anayamba kuiwalaiwala, diso limodzi ng'ala. Ndinaika filimuyo pa flashi n'kupita nayo kumudzi. Nyimbo itangoyamba, yolira ngati nkhandwe ija, anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Kaitaneni bambo anu, yayamba." Ndinangoti ali m'njira. Ankamwetulira, akuwomba m'manja pang'onopang'ono.

Kenako inafika pamene Tuco, chigawenga cha m'filimumo, amukweza pahatchi, manja kumbuyo, chingwe m'khosi. Abale anga inu! Amayi anadzambatuka, ndodo inagwera uko, tiyi yense pachitenje. Anakuwa, "Akupha munthu! Mwangokhala chete bwanji?" Anakafika pa TV n'kumakanda galasi ndi zala kufuna kumasula chingwe. Ndikuwagwira, thupi lonse likunjenjemera, akundimenya pachifuwa, sakundizindikira. Ndi mantha aja anadzinyowetsa pomwepo, pamaso pa adzukulu. Ine misozi mbwembwembwe, ndikufunafuna chitenje china choti ndiwafunditse.

Potembenuka ndinapeza mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, watukula foni akujambula, akuseka mpaka kugwira m'mimba. Pofika madzulo kanemayo anali pagulu la banja la WhatsApp, ndi tinkhope toseka pansi pake. Azakhali ena n'kuyankha kuti "samalani, nkhalamba zikayamba chonchi pali china chake". Mukudziwa chimene ankatanthauza. M'dziko muno agogo akumenyedwa, ena kuphedwa, chifukwa cha mawu oterowo onena za ufiti, ndiye munthu n'kumafalitsa kanema wotero? Mkamwini wolima munda wa amayi omwewo! Ana ake onse anakulira kumsana kwawo iye ali kumowa. Nditamufunsa akuti ankangocheza, ndine wokokomeza zinthu chifukwa ndimakhala m'tauni. Mng'ono wanga naye zii, kuopa banja. Kuiwalaiwala ndi matenda a ubongo, anthuni, si ufiti, si nthabwala.

Ndiye inu chitani chonchi. Onerani m'mawa kapena masana atadya, chifukwa dzuwa likamalowa ndi pamene mutu wawo umasokonekera kwambiri. Mafilimu amenewa ena ndi aatali, yangayi imatenga pafupifupi maola atatu, ndiye muidule, lero pang'ono mawa pang'ono. Khalani pafupi, dzanja lawo m'dzanja lanu, muziwafotokozera m'Chichewa zisanachitike: "Amayi, chingwecho mnzake achiwombera, munthuyo safa." Mfuti zikayamba, tsitsani mawu. Ngati maso akuvuta, ng'ala amachotsa kuchipatala, musangoti ndi ukalamba.

Koma musamadumphe zoopsazo ayi, amayi si mwana, aone filimu yonse mmene ankaionera kale. Ndipo musadzitsekere awiriwiri m'chipinda, itanani adzukulu ndi abale, filimu ya makauboyi imakoma pagulu anthu akukuwira limodzi. Chachikulu, aliyense wolowa asiye foni pakhomo, wokana atuluke, kaya ndi wamkulu bwanji. Mlamu wangayo mpaka lero sanapepese, ndipo ndamva kuti kanemayo sanafufute.