Kumutsekera m'chipinda sikuthetsa chibaba cha heroin

Achemwali, mwafunsa ngati kumutsekera mchimwene wanu m'chipinda kwa masabata awiri kungamusiyitse mankhwala ozunguza bongo a heroin, poti katundu m'nyumba watha n'kugulitsidwa ndipo nonse mwatopa naye. Pepani kwambiri. Ambiri akuyankhani kuti "mutsekereni basi, aona yekha", koma ine ndikuti taimani kaye, chifukwa ifenso tinachita zomwezo ndi msuweni wanga.

Kuchoka m'thupi, heroin amachoka ndithu. Pakatha maola 6 mpaka 12 chibayireni komaliza, munthu amayamba kuyasamula pafupipafupi, mamina ndi misozi zili chuchuchu. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndiye pamakhala ntchito. Msuweni wangayo ndinkamupeza atadzikulunga mabulangete awiri, akunjenjemera koma thukuta lili kamukamu, miyendo ikungophiriphitha yokha, ndowa ili pambali chifukwa cha kusanza. Patatha sabata anayamba kudya, nkhope inawala, tonse tinati zatheka. Sabata yachitatu tinamutola m'bafa ali chikomokere, milomo itada. Anapulumuka chifukwa choti mwana wina anamva mkonono wachilendo n'kuitana akuluakulu.

Chimene sitinkadziwa ndi ichi. Heroin ndi anzake onse ochokera ku opium, utomoni wa chomera china chotchedwa poppy, amagwira mbali ya ubongo imene imayendetsa kupuma. Munthu akamabaya tsiku ndi tsiku thupi limazolowera, ndiye amangowonjezera mlingo. Akasiya kwa masabata awiri kuzolowerako kumatsika, koma chibaba chimakhala chili pomwepo, ndipo dzanja limakumbukirabe mlingo wakale. Mlingo womwe kale unkangomukhazika mtima pansi, tsopano umaimitsa mpweya. N'chifukwa chake anthu ongotuluka kumene kundende amafa kwambiri ndi mankhwalawa m'masabata awiri oyambirira. Akaphatikiza ndi mowa kapena mapiritsi ogonetsa monga diazepam, ndiye zimaipiraipira.

Komanso wogula sadziwa chimene wagula. M'mayiko ena ogulitsa amasakanizamo mankhwala ena otchedwa fentanyl, amene mphamvu yake ndi pafupifupi kuwirikiza ka 50 poyerekeza ndi heroin. Mamiligalamu 2 okha, kuchuluka kwake ngati timibulu tochepa ta mchere, angathe kupha munthu. Ku United States anthu oposa 100,000 anafa mu 2022 chifukwa chopyoza mlingo wa mankhwala, ambiri mwa iwo ndi fentanyl yemweyu.

Musadzione ngati banja lotembereredwa. Lipoti la 2024 la UNODC, nthambi ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo, linati anthu 292 miliyoni anagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo mu 2022, ndipo 64 miliyoni anali atafika poti ndi matenda. Mwa anthu 11 alionse otere, mmodzi yekha ndiye ankalandira thandizo. Ndipo heroin mwini wakeyo, kampani ya Bayer inkamugulitsa poyera kuyambira 1898 ngati mankhwala a chifuwa. Ngakhale madokotala a nthawi imeneyo anapusa naye, nanji mnyamata wongopatsidwa ndi anzake.

Ndiye m'malo mwa loko, pitani naye kwa dokotala. Pali mankhwala otchedwa methadone ndi buprenorphine, omwe bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2005. Amachepetsa chibaba popanda kumuledzeretsa, moti munthu amatha kudzuka m'mawa n'kupita kuntchito. Ena adzakuuzani kuti kumeneko n'kungosinthanitsa mankhwala ndi mankhwala. Ine nkhani imeneyo ndinasiya kukangana nayo. Wamoyo amene akumwa methadone ndingathe kucheza naye, pamene wakufa ayi. Ngati amabwerekana masingano ndi anzake, akayezetsenso HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis C.

Muyambe mwatsimikiza kuti ndi heroindi. Wogwiritsa ntchito mankhwala ena monga cocaine kapena methamphetamine amaoneka mosiyana: sagona usiku wonse, sadya, amalongolola, amakayikira aliyense, mwina kumaona zinthu zoti palibe. Kwa ameneyo ngozi yake ndi mtima ndi sitiroko, ndipo methadone sangamuthandize.

China chimene ndikupemphani, aliyense m'nyumbamo adziwe zizindikiro izi: munthu sakudzuka ngakhale mumugwedeze, akupuma patalipatali kapena akuliza mkonono wonga akutsamwa, milomo ndi zikhadabo zada, mwana wa diso wachepa ngati nsonga ya singano. Zikatero musanene kuti "msiyeni agone, adzuka". Mugonekeni cham'mbali kuti asatsamwe ndi masanzi, ndipo itanani thandizo nthawi yomweyo. Funsaninso dokotala za naloxone, mankhwala amene amabweza mpweya m'mphindi zochepa. Koma mphamvu yake imatha pakapita mphindi 30 mpaka 90, heroin akadali m'magazi, choncho ngakhale atsitsimuke n'kuyamba kukana, kuchipatala apite ndithu.