Musagulitse nyumba ya ku Ndirande

Funso: Ndili ndi zaka 59, ndipuma ntchito chaka chamawa. Ndili ndi ana 6, ndipo adzukulu 3 ndimakhala nawo. Ndikufuna kugulitsa nyumba yanga ku Ndirande, ndiphatikize ndi penshoni, ndikatsegule golosale kwathu ku Chiradzulu. Ndiyambe ndi katundu wanji?

Yankho: Bambo, za katundu zidikire kaye. Nyumbayo musagulitse ayi.

Kodi golosaleyo adzagule ndani? Kalembera wa 2018 adapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka ndi ana osakwana zaka 18. Pitani kumudzi masana a tsiku lantchito mukaone amene atsala: agogo ndi tiana. Anyamata ogwira ndalama ali kuno ku Limbe pa kabaza, ena ali ku Joni. Agogowo sagula, amatenga pangongole, "ndibweza mwana akatumiza pa Mpamba." Ndi azakhali anu enieni, mungawakanize sopo?

Apa ndiye pagona nkhani. Mwawerenga ana anu okha, koma kwanuko inu ndinu malume, mwini mbumba. Ana a alongo anu fizi adzaifuna kwa inu, maliro akagwa bokosi ndi inu. Kungomva kuti amalume abwera ndi penshoni, mphika wa anthu 7 udzasanduka wa anthu 12. Amenewo ndi matumba 3 a chimanga pamwezi, ndiwo ndi mankhwala anu a BP tisanawerenge. Shelefu idzatha ndi am'nyumba momwemo, Khirisimasi isanafike.

Ndalama zanyumba zikakhala m'manja zimasungunukanso zokha. Mwaiwala November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi? Nyumba siidagwe nayo. Mzinda wa Blantyre unali ndi anthu 800,000 mu 2018, ndipo achinyamata akubwerabe, aliyense akusaka chipinda. Dulani nyumbayo pawiri, muikemo alendi. Makasitomala anu ndi amenewo, ndipo lendi imakwera zinthu zikakwera.

Tsono chimene ndimakalipira aliyense: kope. Gulani lero, ndipo kwa miyezi 3 muzilemba kwacha iliyonse yopita kwa achibale, ngakhale ya mayunitsi. Akuluakulu ambiri amadziwa malipiro awo pamtima koma sadziwa kuti akudyetsa makomo angati. Kopelo musonyezenso mayi akunyumba, chifukwa zina zimatulukira khomo lakuseri inu muli kuntchito. Likadzaza mundilemberenso, tikambe za golosale.