Mrs Dalloway ndi Beloved: zakale sizibwera mofanana kwa aliyense

Achemwali ena okhala ku Chikanda, amene akuphunzira pa University of Malawi (kale Chancellor College), anandilembera imelo. Apatsidwa ntchito yofananitsa Mrs Dalloway, buku la Virginia Woolf la mu 1925, ndi Beloved la Toni Morrison la mu 1987. Funso lawo ndi ili: "Kodi onse awiri sakungonena kuti zakale sizifa? Ndilembenso chiyani choposa pamenepo?"

Achemwali, mukangoima pamenepo mwataya nkhani yonse. Funsani kuti ndani ali ndi mphamvu yotsekera zakale pakhomo, nanga ndani alibe.

Nkhani ya Woolf imachitika tsiku limodzi la mu June 1923 ku London, belu la Big Ben likulira ola ndi ola. Clarissa Dalloway, mayi wolemera wopitirira zaka 50, akukonza phwando. Tsiku limenelo amakumbukira kwawo ku Bourton ali ndi zaka 18, mmene anakanira Peter Walsh, ndi mmene Sally Seton anamupsompsonera m'munda. Chilakolako chake chonse chinatsalira kumeneko. Zimamuwawa ndithu, koma belu likalira amabwerera ku singano ndi diresi lake lobiriwira. Zakale amaziyendera ngati munthu wopita kumudzi patchuthi, basi yobwererayo akuidziwa.

Septimus Warren Smith, msilikali wakale wa m'buku lomweli, alibe mwayi umenewo. Mnzake Evans anafera ku Italy nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatsala pang'ono kutha, ndipo Septimus ananyadira kuti sanamve chisoni. Patapita zaka, Evans akumutulukira kuseri kwa mitengo ku Regent's Park. Dr Holmes akuti palibe chimene akudwala. Sir William Bradshaw, dokotala wa matenda a maganizo, akufuna kulekanitsa Septimus ndi mkazi wake Rezia. Holmes akukwera masitepe, Septimus akudziponya pawindo. Pano pandiwawa kwambiri, chifukwa mphindi zochepa m'mbuyomo mwamuna ndi mkazi anali kuseka limodzi akukongoletsa chipewa.

Ife a ku Zomba nkhondo imeneyi si yachilendo kwa ife. Chipilala cha asilikali a King's African Rifles chilipo kufupi ndi Cobbe Barracks. Mukamachidutsa, ganizirani amene anabwerako amoyo, asilikali ndi atengatenga, kuti usiku ankaona zotani, nanga anauza yani.

Kwa Morrison wotchi ilibe ntchito. Chaka ndi 1873, nyumba ndi 124 Bluestone Road ku Cincinnati, koma tsiku limodzi la zaka 18 zapitazo silinathebe. Sethe anathawa ukapolo pafamu ya Sweet Home, ku Kentucky, nakhala mfulu masiku 28 okha. Ataona mbuye wake akubwera kudzawatenga, anathamangira ndi ana ake m'kanyumba ka nkhuni ndipo anadula pakhosi mwana wake wamkazi ndi sowo. Morrison anatengera nkhaniyi pa Margaret Garner, amene anachitadi zotere mu 1856. Mwana wa Sethe uja sabwera m'maganizo mokha ayi. Poyamba ndi mzukwa wogwedeza nyumba mpaka anyamata awiri a Sethe kuthawa. Paul D, kapolo mnzake wa Sethe ku Sweet Home, atauthamangitsa, ukubwera ndi thupi, mtsikana wodzitcha Beloved, wotuluka m'madzi, waludzu losatha, wokonda zotsekemera. Akukhala pampando, akudya, akunenepa, Sethe akuwonda.

Pa chilakolako ndiye mulembe mofatsa. Clarissa anasankha yekha, anakwatiwa ndi Richard pofuna mtendere. Sethe thupi lake silinali lake: anamulanda mkaka wa mwana wake, anamukwapula msana mpaka zipsera kuoneka ngati mtengo, ndipo kuti dzina lilembedwe pachiliza cha mwanayo analipira mmisiri ndi thupi lomwelo. Paul D anaphunzira kukonda pang'onopang'ono kuti akamulanda atsaleko ndi mtima. Sethe anakonda ana ake ndi mtima wonse, ndipo Paul D akumudzudzula kuti chikondi chakecho chanyanya. Ine sindingamuweruze mayi ameneyu, ndipo musalole kuti nkhani yanu imuweruze mwachangu.

Kumene mabukuwa asiyana kwambiri ndi pamapeto. Clarissa akumva za imfa ya Septimus paphwando lake, kuchokera kwa banja la Bradshaw. Sanamuonepo n'komwe. Akupita payekha m'kachipinda, akumva imfayo m'thupi mwake, kenako akubwerera kwa alendo. Woolf akuonetsa mzinda umene munthu amafa ndi bala lake payekha, phwando n'kupitirira. Kwa Sethe, anthu anamusala zaka zambiri, koma mwana wake Denver atalimba mtima kutuluka pabwalo kukapempha thandizo, amayi anayamba kusiya chakudya panja pa nyumba. Pamapeto amayi 30 akubwera motsogozedwa ndi Ella, akuimba, ndipo Beloved akuzimiririka. Aliyense amene anagonapo pasiwa akumva nyimbo za amayi sangadabwe kuti Morrison anasankha njira imeneyi.

Choncho ikani zochitika ziwiri pambali ndi pambali: Holmes akukankha Rezia pamasitepe, ndi amayi aja ataima pamsewu wa Bluestone. Onse abwera kunyumba ya munthu wovulala mumtima, onse akuti abwera kudzathandiza. Yambirani ndime yanu yoyamba pamenepo, ndipo mukamaliza munditumizire ndiwerenge.