Kodi msilikali amalimba mtima chifukwa cha chilango kapena malipiro?

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wake wamwamuna walowa usilikali chaka chino, ndipo mayiyu akufunsa kuti: "Kodi chimene chimachititsa msilikali kugwira bwino ntchito n'chiyani, kuopa chilango kapena malipiro?"

Mayi, zonse ziwirizi zimathandiza, koma zimathera panjira. Msilikali amapirira zoopsa akakhulupirira kuti amene akumulamula amawerengera moyo wake.

Mu April 1917, pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, General Robert Nivelle, mkulu wa asilikali a France, analonjeza kuti asilikali ake adzathyola mzere wa asilikali a Germany ku Chemin des Dames, kumpoto kwa France, m'maola 48. Zinakanika, ndipo anthu anafa ambirimbiri. Magulu ochuluka anakana kupitanso kukaukira, ngakhale ankadziwa kuti kukana lamulo kungawaphetse. Ambiri sanathawe ayi. Maenje awo ankawatetezabe, koma anatopa ndi kutumizidwa kukafa ngati nkhosa. Philippe Pétain atalowa m'malo mwa Nivelle mu May, ena anaweruzidwadi n'kuphedwa. Komabe chimene chinabweza mitima chinali chakuti ankayendera magulu n'kumva madandaulo awo, anakonza tchuthi ndi chakudya, ndiponso analeka kuwaponya m'nkhondo zopanda phindu.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha William Slim, amene anayamba kutsogolera Fourteenth Army, gulu lankhondo la Britain limene linamenyana ndi Japan ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mu 1943. Iye anapeza kuti matenda, makamaka malungo, ankagwetsa asilikali ambiri kuposa zipolopolo za Japan. Mankhwala a mepacrine analipo, koma anyamata ankawataya chifukwa ankasandutsa khungu kukhala lachikasu, komanso panali mphekesera yakuti amapha mphamvu za amuna. Slim sanalimbane ndi msilikali wamba. Ankayezetsa magulu mwadzidzidzi, ndipo akapeza kuti omwa mankhwala sakukwana 95 pa 100 alionse, ankachotsa paudindo mkulu wa gululo. Anachotsa atatu okha, ena onse n'kumva. Piritsi limene msilikali ankalavulira m'thengo linasanduka mlandu wa mkulu wake, ndipo malungo anayamba kuchepa.

Palinso chikhalidwe cha gulu, chimene sichilembedwa m'buku la malamulo. Mwana wanu adzachiphunzira poona zimene akuluakulu amayamikira ndi zimene amazilekerera. Pa nkhondo ya ku Vietnam, akuluakulu a asilikali a America ankayeza kupambana powerenga mitembo ya adani. Pa 16 March 1968, m'mudzi wa My Lai, asilikali a America anapha anthu wamba mazanamazana, amayi, ana ndi nkhalamba. Tsiku lomwelo, Hugh Thompson, woyendetsa helikoputa amenenso anali msilikali wa America, anatera pakati pa asilikaliwo ndi anthu amene ankathawa, n'kupulumutsa ena. Zimandipweteka kuti kwa zaka zambiri ena ankamuona ngati wopereka anzake, ndipo mendulo anailandira mu 1998. Gulu likamatero, msilikali wachinyamata amaphunzira kutseka pakamwa.

Malipiro akachedwa, mtima wa msilikali umakhala kunyumba, izi n'zoona. Koma ndalama yokha siingamudzutse kuti akanyamule mnzake wovulala zipolopolo zikulira. Amadzuka chifukwa wagonayo ndi amene anagawana naye madzi dzulo, ndipo akudziwa kuti naye sangamusiye.

Ndiye mwana wanu akadzabwera pa tchuthi, Mayi, mudzamufunse za sajeni wake, chifukwa ndi amene amakhala naye usana ndi usiku. Kodi amayang'ana mapazi awo akayenda ulendo wautali? Chakudya chikachepa, amadya poyamba kapena pomaliza? Nanga msilikali watsopano akamazunzidwa ndi akale, sajeniyo amachitapo chiyani?