Achimwene a ku Ntcheu, zipolopolo za m'matumba zisiyeni

Ndawerenga funso lanu pa Facebook achimwene, kuti muli ndi mfuti ya shotigani ya saizi 12 yokhala ndi laisensi, anyani ndi nguluwe zikukumalizirani chimanga, koma zipolopolo zikusowa ndipo zikapezeka mtengo wake ndi wosayamba. Ine ndimalima mbatatesi ndi chimanga cha kuno ku Bembeke ndipo mfuti ndili nayo kwa zaka ndithu, ndiye ndiyankhapo mbali ya zipolopolozo. Koma ndiyambe ndi amene akukuuzani kuti mubwere ku inbox aja, komanso uja walemba kuti mungofika cha ku Tsangano kapena ku Lizulu tsiku la msika mukafunsefunse anyamata. Amenewo mukagwidwa sadzabwera kukuonani ndi kabasiketi ka nsima, adzakhala ali pa Facebook pomwepa akuseka nkhani zina.

Kukwera mtengoku musamadabwe nako. Makatiriji, zipolopolo za shotiganizo, amachokera kunja, wogulitsa amafunika forex kuti aitanitse, ndipo forex yomweyo ndi imene ikusowa mpaka mafuta ndi feteleza. Kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu May 2022, kenako ndi 44% mu November 2023, ndiye kabokosi ka makatiriji 25 kaja komwe timagula osaganiza kawiri pano kandalama kake kawirikiza, mwina katatu kapena kuposa kutengera mwagula kwa ndani komanso mwezi wanji. Mtengo wa lero ndi wa lero, mukapita mwezi wamawa mukapeza wina. Ine ndisananyamuke ndimayamba ndaimba foni kwa wogulitsa wovomerezeka ku Lilongwe kufunsa ngati zilipo komanso nambala yanji ya timipira ta m'kati, chifukwa kukwera minibasi mpaka mtauni kukangomva zoti "zatha bwana, mwina mwezi wamawa" ndi ndalama ya kabokosi theka imeneyo. Inu a ku Ntcheu muli pakati, Blantyre ndi Lilongwe konse ndi kotheka, imbani konse. Laisensi ikhale yosatha ntchito ndipo mupite nayo limodzi ndi chitupa chanu, risiti musataye, muisunge pamodzi ndi mapepala a mfuti.

Tsono nkhani imene ndikufuna muimvetse ndi iyi. Mlamu wanga, amene anakwatira mlongo wanga wamng'ono, anagula makatiriji kwa munthu wina woyenda pa njinga yamoto, ati otchipa, theka la mtengo wa mushopu. Anabwera nawo m'pepala la shuga, opanda bokosi. Ine nditawagwira ndinaona kuti kumutu kwake, kuja kopindidwa ngati nyenyezi, kunali kotsekedwa ndi phula la kandulo, ndipo kachitsulo ka kunsi kanali ndi dzimbiri lobiriwira. Anali makatiriji oombedwa kale amene wina anawatola n'kuthiramo onga wake wosadziwika. Mlamuyo anati aaa bola kulira. Tsiku lomwe anyani anatsika m'phiri anaomba koyamba, inangoti fuu ngati munthu wayetsemula, utsi wambiri woyera, iye osaganiza kanthu anathyola mfuti, ndiye kuti kuitsegula pakati, n'kuikamo ina n'kuombanso. Kumeneko kapulasitiki ka m'kati mwa katiriji yoyamba kanali katatsakamira mumpope. Mpope unafufuma n'kung'ambika chapakati pomwe dzanja lamanzere limagwira, zala ziwiri mpaka lero sizipindika, khasu amaligwira movutika. Mfuti ya malemu bambo ake inathera pomwepo, ndipo kuchipatala anafuna lipoti la apolisi, apolisi nawo anafuna kudziwa zipolopolozo anazitenga kuti. Ndalama imene anaononga pa nkhani imeneyo akanagula mabokosi angapo a mushopu, ngakhale pa mtengo wa lerowu.

Ndiye chilichonse chimene chabwera m'thumba, m'pepala, kapena "chochokera kutsidya", chisiyeni. Ife a m'malire timadziwa tonse kuti msewu wa M1 mbali zina ukangowoloka uli kale ku Mozambique, ndipo nkhondo ya kumeneko ngakhale inatha mu 1992 zinthu zina zinatsalira m'manja mwa anthu, zina zinakhala zokwiriridwa pansi zaka zambirimbiri. Katundu wotero ngakhale atakhala kuti akulira bwino, lamulo la mfuti, Firearms Act ija, silikhudza mfuti yokha ayi, zipolopolonso zili momwemo. Kupezeka ndi zipolopolo zosagwirizana ndi mapepala anu ndi mlandu pawokha, ndipo marodibuloko a pa msewu umenewu mukuwadziwa. Chinanso simudziwa kuti zinzake za m'bokosi lomwelo zinakagwira ntchito yanji usiku kwinakwake.

Pa kuomba, kaya katiriji ndi ya mushopu, mukakoka n'kungomva kuti tcha osalira, musathyole mfuti nthawi yomweyo ndipo musasuzumire. Ikhale italoza komweko kopanda anthu, muwerenge pang'onopang'ono mpaka 30 kapena kuposa, chifukwa yonyowa nthawi zina imachedwa kugwira moto. Ikalira mofooka, chotsani zonse muyang'ane mumpope kuchokera kumbuyo muone ngati kuwala kukudutsa. Ndipo wina asakunamizeni kuti poti za 12 zasowa mungoikamo za 20, kaja n'kakang'ono kamatsetsereka n'kukakhala m'kati mwa mpope, mukaikanso ya 12 pambuyo pake zimakhala ngati za mlamu wangazo kapena kuposa.

Kasungidwe ndi komwe anthu ambiri kuno timataya ndalama. Dedza ndi mbali ya kumtunda kwa Ntcheu n'kozizira komanso kwa chinyontho, June ndi July nkhungu imalowa mpaka m'nyumba, dzinja ndiye osanena. Munthu amagula mwa mtengo wapatali n'kukaika pansi pa bedi pa simenti kapena m'thumba la jekete lopachika pakhoma lonyowa, ikafika February theka zafufuma sizikulowa n'komwe. Ine ndimasunga m'kabokosi kachitsulo kokhoma, pamwamba osati pansi, kutali ndi moto wa kukhitchini, m'katimo ndimaponyamo timapaketi tija timabwera m'bokosi la nsapato kapena la mankhwala toyamwa chinyontho. Zakale ndimaziika kutsogolo kuti ziyambe kutha ndi izo. Zipolopolo kwina mfuti kwina, makiyi m'thumba mwanga, chifukwa ana a masiku ano palibe pomwe safika. Mukazisunga pouma zimakhala zaka osavuta, ndiye mukazipeza ndipo mapepala anu akulola, bola kugula nthawi yokolola muli ndi ndalama ya mbatatesi kusiyana n'kudikira chimanga chiyambe kukhwima pomwe aliyense akuzisaka.

Kunena zoona achimwene, pa anyani mfuti si imene imagwira ntchito yaikulu. Nyani ndi wochenjera, mukaomba lero mawa abwera nthawi ina, amaika mnzake pamwala kuti aziona ngati mwanyamuka. Mukati muziomba tsiku lililonse pa mtengo umenewu ndiye kuti chimanga chonsecho mukulimira wa shopu ya mfuti. Chomwe chinandithandiza ine ndi agalu awiri achikuda odyetsedwa bwino, kansanja pakona ya munda yoyang'ana kuphiri, ndi kugwirizana ndi eni minda yoyandikana kuti tizisinthana kulondera kuyambira m'bandakucha, wina m'mawa wina masana, ndi malegeni ndi zitini. Anyani usiku amagona, vuto lawo ndi la masana basi. Nguluwe ndi zimene zimabwera usiku, izo timakumba ngalande m'mbali yomwe zimalowera ndi kusonkha moto wa utsi, ena amathiramo tsabola wouma. Mfuti imatuluka mwa apo ndi apo zikafika poipa, ndipo chaka chonse kabokosi kamodzi kamatha kundikwanira n'kutsalako. Zoomba m'mwamba pa ukwati kapena pa Khirisimasi kuti anthu adziwe kuti muli nayo, imeneyo ndi ndalama mukuotcha komanso mukuitana akuba kuti adzaifune.

Wina pamwambapa wati muzingotsata nyamazo mpaka m'nkhalango mukathane nazo komweko. Ameneyo akupalamulitsani. Laisensi ya mfuti si chilolezo chosakira nyama, ndipo nkhalango ngati Mvai, Dzonzi, Chongoni kapena Dedza-Salima ndi zotetezedwa, mukapezeka muli m'katimo ndi mfuti nkhani yake ndi ina. Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, milandu ikuluikulu chilango chake chimafika zaka 30. Ngati ndi afisi amene akuvuta, poti kwathu kuno ndi kwanuko savuta kumveka, kaneneni kwa amfumu, kupolisi ndi kwa a nthambi yoona za nyama zakutchire, iwo ali ndi alenje awo a ntchito imeneyo ndipo zipolopolo zake si za m'thumba mwanu.

Komanso musabwereke kapena kubwereketsa. Anthu akadziwa kuti mwagula amayamba kubwera, achimwene ndigaireniko ziwiri zokha ndidzabweza, ena mpaka mfuti yeniyeniyo ati akaopsezere akuba ku dimba. Ine ndimangoti zatha, ngakhale kwa wachibale, chifukwa chikachitika chinthu dzina lomwe lili pa laisensi ndi langa. Makatiriji oomba kale nawonso musamangowasiya m'munda, tolani muwaphwanye ndi hamala musanataye, chifukwa amene amadzaza onga wabodza aja amayenda akutola omwewo, ndipo ana amawatenga n'kumakasinthitsa ndi maswiti.

Mukaimba kwa ogulitsawo mufunsenso nambala ya timipira ta m'kati, musangoti za 12 basi. Nambala 6 kapena 7 ndi za mbalame, nguluwe mungoivulaza n'kuipsetsa mtima, ndipo nguluwe yovulala m'chimanga chotalika si yoseweretsa. Mukapeza kuti zomwe zilipo ndi za mbalame zokhazokha, bola kubwerera ndi ndalama yanu mukagulire agalu madeya.