Mafunso ndi Mayankho: Kumanga katundu pa lole za asilikali

FUNSO: Ndine msilikali ndipo ndangolowa kumene m'gulu loyendetsa galimoto. Anzanga amati katundu wolemera, monga jenereta kapena paleti (thandala la matabwa losanjikapo katundu) ya mabokosi, safuna kumanga kwambiri poti kulemera kwakeko kumamugwira. Kodi n'zoona? Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Si zoona ayi, ndipo chonde musatengere zimenezo. Katundu wolemera ndi wopepuka amayamba kutsetsereka pa buleki yofanana, kungoti wolemerayo akafika kumutu kwa lole amaboola chitsulo n'kupeza dalaivala.

Muyezo wa ku Ulaya wa EN 12195-1 umati mukaponda buleki mwadzidzidzi, katundu amakankhira kutsogolo ndi mphamvu yokwana 0.8 ya kulemera kwake, pomwe pokhota kapena ponyamuka amakankhira m'mbali kapena kumbuyo ndi 0.5. Ndiye paleti ya makilogalamu 1,000 imakankha ngati makilogalamu 800. Ngati pansi pa bodi n'poterera, kukhuzana kwa paleti ndi pansipo kumangogwira makilogalamu 300 kapena kucheperapo. Otsala 500 aja ndi ntchito yanu.

Njira yodalirika ndi kutseka mipata. Katundu agunde chitsulo chotchinga kumutu kwa lole. Ngati kulemera sikukulola kuti afike kumeneko, tsekani mpatawo ndi matabwa ochindikala kapena mapaleti opanda kanthu oimika. Mpata wa chikhatho chimodzi umaoneka wochepa, koma ndi womwe umapatsa katundu liwiro lodulira lamba.

Mukatero mangani. Lamba aliyense wokunga ndi chogwirira ali ndi kansalu kolembapo manambala awiri ofunika. LC ndi mphamvu imene lambayo angapirire, nthawi zambiri 2,500 daN (daN imodzi ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa pafupifupi kilogalamu imodzi) pa lamba wa mamilimita 50 m'lifupi. STF ndi mphamvu imene chogwiriracho chimakungira, mwina 350 daN basi. Ambiri amasokonezeka apa: lamba wodutsa pamwamba pa katundu amangomupanikizira pansi, choncho nambala yowerengera ndi STF, osati LC. Pa paleti yathu ija pafunika malamba atatu otere. Mukayala mphira wosaterera pansi pake, awiri akwana. Lambayo atsike chowongoka ndithu. Akagona mpaka kuchepera madigiri 30 sakupanikizanso mokwanira. Pa ngodya zakuthwa ikani zotchinjiriza kuti asadulidwe, ndipo ngowe ikoledwe pa mphete zomangira za lole, osati pa zitsulo zogwira tenti. Tenti ndi wotchinga mvula ndi fumbi, samanga katundu. Jenereta ndi makina ena okhala ndi mphete zawo amangidwe ndi matcheni kapena malamba anayi, lililonse kukokera ku ngodya yake. Lamba wong'ambika, womanga mfundo kapena wopanda kansalu kake achotsedwe pa ntchito.

FUNSO: Nthawi ya namondwe Freddy mu 2023 tinkaona magalimoto a asilikali atanyamula chimanga ndi migolo ya mafuta m'misewu yoonongeka. Kodi katundu wosakaniza chonchi amapakiridwa bwanji kuti lole isagubuduzike? Wowerenga wa ku Mulanje

YANKHO: Poyambira ndi kachitsulo kolembapo kulemera kololedwa, komwe kamakhala m'kabini kapena pa chitseko. Lole zambiri za asilikali zili ndi malire awiri, a pamsewu wa phula ndi a m'tchire. Lole yakale ya ku America ya M35 imanyamula matani 5 pa phula koma matani 2.5 okha kopanda msewu. Ngati ulendo uli ndi matope kapena kuoloka mtsinje, tengani nambala yaing'onoyo kuyambira pomwe mukupakira.

Werengani katundu asanakwere. Matumba 50 a makilogalamu 50 ndi matani 2.5 kale. Mgolo wa malita 200 wodzaza dizilo umalemera pafupifupi makilogalamu 190. Zolemera zikhale pansi, pakati pa bodi, patsogolo pang'ono pa matayala akumbuyo, ndipo kumanja ndi kumanzere kulemere mofanana. Lole ya asilikali ndi yaitali kale miyendo, moti katundu akakwera m'mwamba imapendekeka msanga pa makona ngati a ku Thabwa potsikira ku Chikwawa kapena a ku Chiweta. Mukaunjika zonse kumbuyo, matayala akutsogolo amapepuka ndipo chiwongolero chimasiya kumvera.

Matumba asanjidwe mopingasa ngati njerwa kuti mizere igwirane, asapitirire m'mbali mwa bodi. Migolo iime chilili, zitsekerero zili m'mwamba, ithinane, izunguliridwe ndi lamba pamodzi kenako imangiriridwe ku lole. Ikagona, iikiridwe mphiko za matabwa mbali zonse ziwiri. Koma kunena zoona, mafuta ndi chakudya zimayenera kuyenda pa magalimoto osiyana, chifukwa ufa ukamwa fungo la dizilo sudyekanso. Samalaninso ndi thanki ya madzi yosadzaza: madzi amakhavukira mbali imodzi n'kukankha lole pokhota.

Malamba amakhwepa katundu akakhazikika. Imani muwakungenso musanathe makilomita 80 oyamba, ndipo pamsewu wa mabampu musadikire kufika pamenepo. Kenako onaninso pakatha maola atatu aliwonse, komanso nthawi iliyonse mwatsitsako katundu panjira.

FUNSO: Kodi asilikali angakwere pamodzi ndi mabokosi a zipolopolo? Wowerenga wa ku Mzuzu

YANKHO: Pa ulendo wonyamula zida zophulika, mu lole mukhale okhawo amene ali pa ntchitoyo. Zophulika zili m'gulu 1 la katundu woopsa, la chizindikiro cha mtundu wa lalanje, ndipo bokosi lililonse lili ndi chilembo chosonyeza zomwe lingayende nazo. Zoyatsira mabomba siziikidwa pamodzi ndi mabombawo pokhapokha malamulo a gulu lanu atalola mwachindunji, ndipo mafuta sayandikira n'komwe. Popakira injini izimitsidwe, buleki ya pamanja ikokedwe, matayala aikiridwe mphiko, fodya ndi moto zikhale kutali, zozimitsira moto ziwiri zikhale pofikirika. Mabokosi anyamulidwe ndi zogwirira zake, asaponyedwe kapena kukhwekhwerezedwa, ndipo bokosi losweka kapena lonyowa lisakwere mpaka katswiri wa zida ataliona.