Ndaona timagazi atandiika kamluza, kodi zakanika?

Azakhali, ndakhala pabanja zaka zambiri popanda mphatso. Chaka chino tinagulitsa puloti n'kupita ku Johannesburg kukapangitsa IVF, njira yokumanitsa dzira ndi umuna kunja kwa thupi, anandiika kamluza m'chiberekero ndipo ndabwerako. Lero ndi tsiku la 6 chiikireni koma dzulo ndaona timagazi tabulauni pa panti, m'chinena mukupota ngati ndikufuna kusamba, mabere akuwawa. Tulo palibe, ndikungokhalira kutoileti kukayang'ana. Ndisiye mankhwala oika kumusi aja?
Wodandaula, Chilomoni

Mwanawe, mankhwalawo usasiye ayi, ngakhale tsiku limodzi, mpaka adokotala ako anene okha. Ndi progesterone ameneyo, ntchito yake ndi kukonza mkati mwa chiberekero kuti kamluza kakhazikike, ndipo iyeyo ndi amene amawawitsa mabere, kutupitsa mimba, kufoola ndi kupotetsa m'chinena chimodzimodzi msambo ukayandikira. Ndiye zomwe ukumvazi wina amazimva mimba ili yoti yagwira, wina amazimva isanagwire, wina samva kanthu n'komwe koma mwana n'kudzabadwa. Timagazi tabulauni nthawi zambiri ndi takale, mwina kapaipi koikira kamluza kanakhudza khomo la chiberekero, mwina mankhwala oikawo akukanda pang'ono, penanso ndi kamluzako pokhazikika. Sindikulonjeza kuti zatheka, koma timadonthoto sumboni woti zakanika.

Chomwe chinganene zoona ndi kuyezetsa magazi kotchedwa beta hCG, koyang'ana homoni ya hCG yomwe imapezeka m'thupi mimba ikagwira, pa tsiku lomwe anakulembera, zimakhala pakati pa masiku 9 ndi 14 chiikireni. Sikuti mpaka ubwerere ku Joni, yezetsa konkuno n'kuwatumizira zotsatira. Timayeso ta mkodzo ta ku famase taleka kaye, jakisoni wokhwimitsa mazira uja nthawi zambiri amakhala ndi hCG yemweyo ndipo amachedwa kutha m'thupi, atha kukusangalatsa pachabe, komanso kuyeza msanga kutha kukuliritsa chonsecho mimba ilipo.

Koma izi zokha usadikire nazo kuche. Mimba ikamatupa mofulumira, sikelo kukwera kuposa kilo imodzi pa tsiku, kubanika, kusanza, mkodzo kuchepa, imeneyo itha kukhala OHSS, vuto lobwera ndi mankhwala ochulukitsa mazira makamaka ngati anakuchotsa mazira mwezi womwe uno. Magazi ofiira odzaza padi pa ola limodzi, ululu waukulu mbali imodzi, chizungulire, mwendo umodzi kutupa, kapena thupi kutentha kufika 38, pita ku Queens kapena chipatala chili chonse chomwe chili ndi dokotala wa amayi, utenge mapepala ako onse ndipo uwauze poyambirira kuti wapangitsa IVF. Thupi likatentha kuno kwathu yezetsanso malungo, osangogula mankhwala pagolosale.

Ululu wochepa Panado akwanira, Brufen ndi diclofenac ayi, zitsamba zoti "zogwiritsa mimba" zomwe achibale angakubweretsere uzikane mwaulemu. Kugona chagada tsiku lonse sikuthandiza, kamluza sikangagwe chifukwa wayenda kupita kumsika kapena wakwera minibasi, zongopewa ndi kunyamula zolemera. Ndipo bambo akunyumba awerenge nawo yankholi, nkhawa imeneyi si yosenza wekha usiku. Lero lomwe walembere anamwino aku kiliniki yako pa WhatsApp, uwauze mtundu wa magaziwo ndi kuchuluka kwake.